George Washington: anatula mpando, koma akapolo anawagwiritsitsa

Madzulo a pa 21 Meyi 1796, banja la pulezidenti wa dziko la America lili pachakudya mumzinda wa Philadelphia, mtsikana wina wa zaka za m'ma 20 anatuluka m'nyumbamo mwakachetechete, osabwereranso. Dzina lake anali Ona Judge. Anali kapolo, ndipo ntchito yake inali kusoka ndi kuveka mayi a m'nyumbamo, Martha Washington. Mphekesera inali itamufika yoti akufuna kumupereka ngati mphatso kwa mdzukulu wa mayiwo, amene anali atangokwatiwa kumene. Anthu akuda omwe anali mfulu mumzindamo anamuthandiza kuthawa, nakwera sitima ya pamadzi yopita ku Portsmouth, m'chigawo cha New Hampshire. Masiku angapo otsatira, nyuzipepala inalengeza mphoto ya madola 10 kwa aliyense amene angamubweze.

Patapita miyezi inayi, mwamuna wa m'nyumba yomweyo analengeza m'nyuzipepala ina ya mumzinda womwewo kuti sadzaimanso pachisankho. Palibe amene anamukankha. Malamulo oyendetsera dziko sankamuletsa kupitiriza, ndipo akadafuna kuimanso, n'zokayikitsa ngati akadapezeka womugwetsa. Koma George Washington anati zakwana, akubwerera kumunda.

Zinthu ziwirizi zinachitika m'chaka chimodzi, m'nyumba imodzi, ndipo amene akufuna kumumvetsa munthuyu ayenera kuzinyamula zonse pamodzi. Anatha kusiya gulu lonse lankhondo, anatha kusiya mpando wonona, koma mtsikana mmodzi wosoka anamusakasaka mpaka chaka chimene iye anamwalira.

Washington anabadwa pa 22 Febuluwale 1732 ku Virginia, amodzi mwa madera 13 amene Britain inkalamulira m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic. Banja lake linali la alimi a fodya, lopeza bwino koma osati la m'gulu la mpondamatiki a m'deralo. Bambo ake, Augustine, anamwalira mu 1743 iye ali ndi zaka 11, ndipo pa chuma chamasiye chimene anamusiyira panali munda ndi akapolo khumi. Choncho umwini wa anthu anzake anauyamba asanamere ndevu. Imfa ya bambo akeyo inamutsekeranso mwayi wokaphunzira ku England monga anachitira azichimwene ake a mayi ena, ndipo moyo wake wonse ankadziona woperewera pamaso pa anzake ophunzira kwambiri monga John Adams ndi Thomas Jefferson. Ali ndi zaka 17 anayamba ntchito yoyeza malo. Ntchito imeneyi inamuzoloweretsa kugona m'tchire, komanso inamupatsa dyera la malo limene silinamuthere mpaka imfa.

Mu 1751 anaperekeza mchimwene wake Lawrence, amene ankadwala chifuwa chachikulu, ku chilumba cha Barbados. Kumeneko anadwala nthomba nachira, ndipo umenewu ndiwo ulendo wokhawo umene anapita kutsidya la nyanja. Lawrence anamwalira chaka chotsatira, ndipo m'kupita kwa nthawi munda wake wa Mount Vernon, m'mbali mwa mtsinje wa Potomac, unagwera m'manja mwa George.

Usilikali wake unayamba moipa. Mu 1754, ali ndi zaka 22, anatsogolera asilikali a Virginia kumadera a mtsinje wa Ohio, kumene Britain ndi France ankalimbirana malo omwe kwenikweni anali a eni nthaka. Gulu lake linathira nkhondo kagulu ka Afalansa ndipo mtsogoleri wawo, Jumonville, anaphedwa. Afalansa atabwezera, Washington anagonja pa linga la Fort Necessity, nasaina chikalata cha m'Chifalansa, chinenero chimene sankachidziwa. M'chikalatamo munali mawu ovomereza kuti Jumonville anachita kuphedwa mwachiwembu. Kamoto kameneka ndi kamene kanathandiza kuyatsa nkhondo yaikulu ya zaka zisanu ndi ziwiri pakati pa Britain ndi France. Chaka chotsatira anali pambali pa mkulu wa asilikali a Britain, Edward Braddock, pamene anagonjetsedwa koopsa pafupi ndi mtsinje wa Monongahela. Akavalo awiri anawomberedwa iye atakwera, zipolopolo zinayi zinaboola jekete lake, koma mwiniwake anatuluka wopanda bala. Dzina lake linamveka m'madera onse. Chimene ankachifunitsitsa, udindo m'gulu lenileni lankhondo la mfumu ya Britain, sanamupatse, chifukwa anali mwana wa kumadera olamulidwa. Chipongwe chimenechi anachisunga mumtima.

Chuma chenicheni chinabwera ndi ukwati. Mu Januwale 1759 anakwatira Martha Dandridge Custis, mayi wamasiye wa ana awiri amene mwamuna wake woyamba anasiya malo ambiri ndi akapolo ochuluka. Awiriwa sanabereke mwana. Mfundo imeneyi inadzakhala yofunika pambuyo pake, pakuti anthu oopa ufumu ankadzitonthoza kuti munthuyu alibe mwana woti amusiyire mpando.

Chimene chinamusandutsa woukira si mabuku a nzeru zakuya ayi, koma ngongole. Alimi a fodya a ku Virginia ankatumiza fodya wawo kwa amalonda a ku London, amene ankamugulitsa pamtengo wodziwa okha, n'kutumiza katundu wodula, nthawi zina wachikalekale, pa ngongole. Mlimi aliyense wa fodya amene anayamba waonapo mtengo ukuikidwa ndi wogula akudziwa kuwawa kwake. M'zaka za m'ma 1760 Washington anasiya kudalira fodya nayamba tirigu. Pamwamba pa izi, mu 1763 Britain inaletsa azungu kukakhala kumadzulo kwa mapiri a Appalachian, kumene iye anali ataponya kale maso, kenaka inayamba kukhometsa misonkho anthu omwe analibe owaimira m'nyumba ya malamulo ya ku London.

Nkhondo yomenyera ufulu wodzilamulira kuchoka kwa Britain itabuka mu 1775, nthumwi za maderawo zinakumana ku Philadelphia, ndipo Washington ankafika pamsonkhanowo atavala yunifolomu ya usilikali. Mu Juni anamusankha kukhala mkulu wa asilikali. Kusankhaku kunali ndi ndale zake: nkhondo inayambira kumpoto, ku Massachusetts, ndiye panafunika munthu wa kummwera kuti Virginia, dera lalikulu koposa, alowe ndi mtima wonse. Iye anakana malipiro, nati azingomubwezera zimene wawononga.

Tinene chilungamo, sanali katswiri wa nkhondo wa mtundu wa Napoleon. Mu 1776 anataya New York ndipo gulu lake linatsala pang'ono kutheratu. Luso lake linali kuzindikira kuti safunika kupambana nkhondo iliyonse; chofunika n'chakuti gulu lankhondo lisafe, mpaka Britain itatopa ndi kutaya ndalama kutsidya la nyanja. Usiku wa Khirisimasi mu 1776 anawoloka mtsinje wa Delaware, madzi ali ndi zibuma za ayezi, nadzidzimutsa asilikali aganyu a ku Germany omenyera Britain ku Trenton, n'kugwira pafupifupi 900. Mu 1777 analamula kuti asilikali ake atemeredwe nthomba. Katemera wa masiku amenewo kunali kutenga mafinya a wodwala n'kuika pabala la munthu wabwinobwino, chinthu choopsa ndithu, koma iye matendawa ankawadziwa pathupi pake. M'nyengo yozizira ya 1777 mpaka 1778, pamsasa wa Valley Forge, asilikali pafupifupi 2,000 anafa ndi matenda, njala ndi chisanu, koma gululo silinabalalike. France italowa kumbali yawo mu 1778 zinthu zinatembenuka, ndipo pa 19 Okutobala 1781 asilikali a Britain otsogozedwa ndi Cornwallis anagonja ku Yorktown, atatsekeredwa ndi asilikali a Washington ndi a Rochambeau wa ku France kumtunda, sitima zankhondo za France kunyanja. Popanda Afalansa, nkhani ikadakhala ina.

Pali mbali ya nkhondoyi imene mabuku a ana asukulu ankailumpha. Mu 1779 Washington anatuma mmodzi wa akuluakulu a asilikali ake, John Sullivan, kukawononga midzi ya mitundu ya eni nthaka ya Iroquois imene inali kumbali ya Britain. Midzi pafupifupi 40 inatenthedwa pamodzi ndi minda ndi nkhokwe za chimanga, anthu n'kulowa m'nyengo yachisanu opanda chakudya. A Iroquois ankamutchula ndi dzina lotanthauza wowononga midzi. Ndipo pamene iye ankamenyera ufulu, ena mwa akapolo ake ankaufuna ufuluwo kumbali ya adani ake, poti Britain inalonjeza kumasula akapolo othawa kwa oukira. Mmodzi wa iwo, Harry Washington, wobadwira kumadzulo kwa Africa, anathawa mu 1776, nkhondo itatha anapita ku Nova Scotia, ndipo mu 1792 anali m'gulu la anthu akuda amene anakakhazikika ku Sierra Leone.

Tsopano tifike pamene pagona ukulu wake weniweni. Mu Malichi 1783 mgwirizano wamtendere unali usanasainidwe, ndipo akuluakulu a asilikali pamsasa wa Newburgh anali atakwiya. Anali asanalandire malipiro kwa nthawi yaitali, boma linalibe ndalama, ndipo kalata yopanda dzina inkazungulira yowalimbikitsa kuti asatule zida mpaka andale atamva. Mbiri ya dziko lapansi yadzaza ndi nkhani zotere, ndipo mathero ake timawadziwa: mkulu wa asilikali amalowa mumzinda ndi mfuti n'kunena kuti wabwera kudzakonza zinthu kwa kanthawi kochepa. Washington anatulukira pamsonkhano wawo pa 15 Malichi mosayembekezereka. Anawalankhula, koma nkhope zinali zidakali zolimba. Ndiye anatulutsa kalata yoti awawerengere, nayamba kudodoma, napisa m'thumba kutulutsa magalasi amene ambiri anali asanamuonepo atavala. Anawapempha kuti amukhululukire, poti potumikira dziko sanangomera imvi chabe, maso nawonso ayamba kuchita khungu. Amene analipo anasimba kuti ena anagwetsa misozi. Chiwembucho chinathera pomwepo. Kaya anachita kukonzekera kaya zinangochitika, munthuyu ankakonda zisudzo ndipo ankadziwa mphamvu ya kachinthu kakang'ono kochitidwa pamaso pa anthu.

Pa 23 Disembala 1783, ku Annapolis, anaima pamaso pa nyumba ya malamulo, yomwe inali yofooka ndi yopanda ndalama, nabweza chikalata cha udindo wake. Tsiku lotsatira anali atafika ku Mount Vernon kukadya Khirisimasi. Akuti mfumu ya Britain, George III, itamva kuti ndi zimene akufuna kuchita, inanena kuti akatero adzakhala munthu wamkulu koposa padziko lonse. Mawuwa anachita kusimbidwa ndi wojambula zithunzi Benjamin West, koma akuonetsa mmene nkhaniyi inadabwitsira anthu a ku Ulaya, amene ankakumbukira mmene mkulu wa asilikali Oliver Cromwell anatengera ulamuliro ku England atapambana nkhondo.

Kupuma kwake sikunakhalitse. Boma la mgwirizano wa zigawo 13 linalibe mphamvu yokhometsa msonkho, ngongole za nkhondo zinali phwamwamwa, ndipo mu 1787 nthumwi zinakumananso ku Philadelphia kulemba malamulo atsopano oyendetsera dziko. Washington ndiye anali wapampando. Sanalankhule zambiri, koma kupezeka kwake kunapatsa msonkhanowo ulemu, ndipo nthumwi zinalimba mtima kupereka mphamvu zambiri ku udindo wa pulezidenti podziwa amene adzayambe kuukhala. Malamulo omwewo anateteza ukapolo: kapolo ankawerengedwa ngati magawo atatu mwa asanu a munthu pogawa mipando ya m'nyumba ya malamulo, ndipo malonda obweretsa akapolo kuchokera ku Africa sakanaletsedwa chisanafike chaka cha 1808.

Mu 1789 nthumwi zonse 69 zosankha pulezidenti zinamuvotera, ndipo analumbira pa 30 Epulo ku New York. Mu 1792 zinabwerezanso, mavoti onse 132. Palibe wina amene zinamuchitikirapo chotere. Koma tisaiwale kuti ovota masiku amenewo anali ochepa, makamaka amuna achizungu okhala ndi katundu.

Vuto lake linali lakuti panalibe woonera. Dziko lapansi linali la mafumu, ndipo ngakhale katchulidwe ka udindowo kanavuta. Aphungu ena, mothandizidwa ndi wachiwiri wake John Adams, ankafuna dzina laulemu lofanana ndi la mafumu. Pamapeto pake kunatsala kungoti Bambo Pulezidenti. Washington ankadziwa kuti chilichonse chimene achite chidzasanduka mwambo. Iye ndiye anayambitsa zokumana ndi nduna zake pamodzi ngati kabineti, chinthu chimene malamulo sanatchule. Vuto n'lakuti m'kabinetimo anaikamo atambala awiri m'khola limodzi. Alexander Hamilton, nduna ya zachuma, ankafuna boma lapakati lamphamvu, lotenga ngongole za zigawo zonse ndi kukhazikitsa banki ya dziko, imene inatsegulidwa mu 1791. Thomas Jefferson, nduna yoona za kunja, ankaona zimenezi ngati ufumu wobwerera pakhomo la kuseri, wokomera amalonda a kumpoto. Mkangano wa awiriwa ndiwo unabala zipani zoyamba za ndale ku America. Washington ankadana ndi zipani ndipo sanalowe chilichonse, ngakhale pa nkhani zikuluzikulu nthawi zambiri ankagwera kwa Hamilton. Likulu latsopano la dziko, limene lero lili ndi dzina lake, linaikidwa m'mbali mwa Potomac monga gawo la kupatsana pakati pa mbali ziwirizi.

Nkhondo itabukanso pakati pa Britain ndi France mu 1793, analengeza kuti America siilowerera, zimene ambiri anaziona ngati kusayamika Afalansa. Pangano la zamalonda ndi Britain limene nthumwi yake John Jay inakambirana linakwiyitsa anthu kwambiri mu 1795, moti nyuzipepala zinayamba kumunyoza poyera munthu amene poyamba sankakhudzidwa. Mu 1794 alimi a kumadzulo kwa Pennsylvania anaukira msonkho wa mowa wa wisiki, umene kwa iwo unali ngati ndalama, poti kunyamula chimanga kudutsa mapiri kunali kovuta kuposa kunyamula mowa wotchezedwa. Washington anasonkhanitsa asilikali pafupifupi 13,000, oukirawo anabalalika popanda nkhondo, ndipo awiri amene anaweruzidwa kuti aphedwe anawakhululukira. Choseketsa n'chakuti atapuma, iye mwini anamanga motchezera wisiki ku Mount Vernon, mmodzi mwa malo aakulu a mtunduwu m'dzikomo, ogwiramo ntchito ali akapolo.

Uthenga wake wotsanzika, umene Hamilton anathandiza kulemba, unatuluka pa 19 Sepitembala 1796. Anachenjeza za mzimu wa zipani, za kugawikana potengera zigawo, kumpoto ndi kummwera, ndi za kudzimangirira ku mayiko ena m'mapangano osatha. Si kuti anachoka chifukwa cha mfundo zokhazokha. Anali atatopa, mano anali atamuthera, kunyozedwa kunkamupweteka, ndipo ankaopa kuti akafera pampando anthu adzazolowera upulezidenti wa moyo wonse. Mu Malichi 1797 anakhala pansi n'kuonerera John Adams akulumbira, kenaka ananyamuka ngati nzika wamba. Mwambo wa materemu awiri unagwira kwa zaka zoposa 140 popanda lamulo lolembedwa, kufikira Franklin Roosevelt anasankhidwa kanayi kuyambira 1932 mpaka 1944. Pambuyo pake, mu 1951, anaulowetsa m'malamulo oyendetsera dziko. Amene akukumbukira phokoso la teremu yachitatu ku Malawi mu 2002 sangafunse chifukwa chake kuchoka kwa munthu woyamba kuli nkhani yaikulu.

Nanga akapolo aja? Maganizo ake anasintha ndithu pa zaka za nkhondo. M'makalata a kwa anzake analemba kuti akulakalaka ukapolo utathetsedwa pang'onopang'ono kudzera m'malamulo, ndipo anasiya kugulitsa anthu mowalekanitsa ndi mabanja awo. Koma poyera sananene kanthu, poopa kuti nkhaniyi ingang'ambe dziko. Zochita zake zinali zina. Ku Pennsylvania kunali lamulo la 1780 lakuti kapolo wobwera ndi mbuye wake akakhala m'chigawomo miyezi isanu ndi umodzi, akhoza kukhala mfulu. Likulu litasamukira ku Philadelphia, Washington ankatulutsa akapolo a m'nyumba mwake kunja kwa chigawocho miyeziyo isanakwane, n'kulangiza mlembi wake kuti chifukwa chake chisadziwike. Mu 1793 anasaina lamulo lolola eni akapolo kulondola othawa m'zigawo zonse. Ngakhale nthano yoti mano ake oikirira anali amtengo si yoona: anali a minyanga, zitsulo ndi mano a anthu, ndipo buku lake la ndalama la 1784 likuonetsa kuti analipira anthu akuda pogula mano asanu ndi anayi. Nthano ina yotchuka, ya kamnyamata kodula mtengo wa zipatso n'kukana kunama kwa bambo ake, inapekedwa ndi wolemba mabuku Mason Locke Weems, Washington atamwalira kale.

Washington anamwalira pa 14 Disembala 1799, ali ndi zaka 67, atadwala pakhosi masiku awiri okha. Madokotala anamukhetsa magazi ambiri monga mwa chithandizo cha nthawi imeneyo, zomwe sizinamuthandize. Chaka chimenecho ku Mount Vernon kunali akapolo 317. Mwa iwo, 123 anali ake. Ambiri mwa otsalawo anali a chuma chamasiye cha banja la Custis, la mwamuna woyamba wa Martha, ndipo malamulo sankamulola kuwamasula. Mu wilu yake analamula kuti William Lee, amene anamutumikira pa nkhondo yonse, amasulidwe nthawi yomweyo, ena onse amasulidwe Martha akadzamwalira, okalamba azisamalidwa, ana amasiye aphunzitsidwe kuwerenga ndi ntchito zamanja. Mwa apulezidenti oyambirira okhala ndi akapolo ambiri, ndi yekhayo amene anachita zimenezi. Jefferson, Madison ndi Monroe sanatsatire. Koma wiluyo inaika Martha pamoto, poti anakhala pakati pa anthu oposa zana amene ufulu wawo unkadikira imfa yake. Anawamasula pa 1 Januwale 1801. Chimwemwe chake chinali chosakaniza ndi misozi, chifukwa magulu awiri aja anali atakwatirana kwa zaka zambiri. Martha atamwalira mu 1802, akapolo a Custis anagawidwa kwa adzukulu ake, mwamuna mfulu, mkazi ndi ana n'kupita kwina.

Lero nkhope yake ili pa ndalama ya dola imodzi, dzina lake lili pa likulu la dziko ndi pa chigawo chimodzi, ndipo mu 2020 anthu ochita zionetsero anagwetsa chipilala chake ku Portland. Ku Mount Vernon alendo amaona manda ake, ndipo chapafupi pali chikumbutso chimene chinaikidwa mu 1983 pamalo pamene akapolo ankaikidwa popanda miyala ya mayina.

Ona Judge anali wa gulu la Custis, choncho wilu ija sinamukhudze. Washington atadziwa kumene ali, anagwiritsa ntchito nduna yake ya zachuma ndi mkulu wa kasitomu wa ku Portsmouth kuti amubweze mwakachetechete. Mtsikanayo anati akhoza kubwerera ngati atamulonjeza ufulu mbuye wake ndi mkazi wake akadzamwalira. Pulezidenti anakana, nati kutero kungakhale kupereka mphoto kwa wosakhulupirika. Mu 1799 anatumanso mphwake wa Martha, koma Ona anachenjezedwa nabisala. Anakwatiwa ndi woyendetsa sitima za pamadzi, Jack Staines, nabereka ana atatu, ndipo mwamuna ndi ana onsewo anatsogola iye akadali moyo. Anakalamba ali mmphawi, ndipo pamaso pa malamulo anali akadali katundu wothawa. M'zaka za m'ma 1840 olemba nyuzipepala zolimbana ndi ukapolo anamuyendera, ndipo mmodzi anamufunsa ngati sakudandaula kuti anasiya nyumba ya pulezidenti n'kudzavutika chonchi. Anayankha kuti ayi, ndi mfulu. Anamwalira mu Febuluwale 1848 ku Greenland, m'chigawo cha New Hampshire.